Linux yabwino ndi iti? Funso limeneli linandidyera zithunzi za zaka zitatu

Sabata yatha mayi ena ananditumizira imelo ya mizere inayi. Laputopu yawo ndi yakale, Windows 10 inasiya kulandira ma update a chitetezo pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ikukana kulowa chifukwa makinawo alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Akufuna kusamukira ku Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene ingalowe m'malo mwa Windows, koma mitundu yake yawachulukira. Akuti yabwino kwambiri ndi iti?

Mayi, mwandigunda pachilonda. Imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, n'kudzuka kukayendayenda kaye panja.

Funso lomweli linandizunguza mutu zaka zambiri. Ndinayamba ndi Ubuntu, nthawi imene kampani yoipanga ya Canonical inkatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha. Ndimaikumbukirabe CD ija m'kachikuto kake kapepala, ndi kang'oma kamene kankalira kompyuta ikamayaka. Ubuntu inatuluka koyamba mu October 2004, mwini ganizolo ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo tanthauzo lake ndi umunthu womwewu timanenawu. Zonse zinkayenda bwinobwino. Ndinkalemba, ndinkamvera nyimbo, intaneti inkatseguka. Munthu wanzeru akanakhala pomwepo phee.

Koma ine ndinamva kuti Ubuntu ndi mwana chabe, mayi ake ndi Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993. Ndinati ndikaone amakewo. Nditakhalako miyezi iwiri ndinamva kuti zatsopano zimayambira ku Fedora, imene imatuluka pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Ndinasamuka. Kenako openSUSE, ndipo kunena chilungamo chinandikoka ndi kabilimankhwe kobiriwira ka pachizindikiro chake basi. Kenako Arch, imene panthawiyo unkaimanga wekha mzere ndi mzere pa terminal (polembera malamulo a kompyuta), ndipo itayaka ndinadzimva ngati ndapanga ndege. Anthu a Linux matendawa amawatchula kuti distro hopping, kudumphadumpha pa ma distro, omwe ndi mitundu ya Linux. Akuluakulu anawatchula kalekale: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndipo ndinagwadi. Usiku wina cha m'ma 1 koloko ndinkaika mtundu wina watsopano, maso akulemera ndi tulo. Hard disk yanga yapadera, momwe ndinkasungira zithunzi, inali yolumikizidwa pa USB chifukwa ndinaiwala kuizula. Pa sikirini panabwera mayina awiri a ma disiki, sda ndi sdb. Ndinasankha wolakwika. Pulogalamuyo inandichenjeza momveka kuti zonse za m'disikiyo zifufutika, ine osawerenga, n'kudina basi, popeza uthenga umenewo ndinali nditauona kambirimbiri. Ndinazindikira kutacha. Zithunzi za zaka zitatu zinapita, kuphatikizapo za mwana wanga akuyamba kuyenda. Kapulogalamu kotchedwa PhotoRec kanandivuulirako zina, koma zinabwera zopanda mafoda, mayina ake ali chilembo f ndi manambala ataliatali, zosakanikirana ndi tizithunzi tambirimbiri topanda ntchito. Ndinatha masabata awiri ndikutsegula chimodzichimodzi. Akunyumba sanandikalipire, anangondifunsa kuti kodi kompyuta ija inali ndi vuto lanji poyamba. Ndinasowa choyankha, chifukwa inalibe vuto lililonse.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti mitundu yonseyi mtima wake ndi umodzi, kernel (gawo lolumikiza mapulogalamu ndi makinawo) imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991. Firefox ya pa Fedora ndi yomweyo ya pa Debian. LibreOffice ndi yomweyo, VLC ndi yomweyo. Chimene maso anu amaona n'kumati "iyi ndiye yokongola" nthawi zambiri si distro ayi, ndi desktop yake, kutanthauza maonekedwe a menyu ndi mawindo: GNOME, KDE Plasma, Cinnamon kapena Xfce, ndipo zimenezi mutha kuziika pafupifupi paliponse. Kusiyana kwenikweni kuli pa amene akukukonzerani mapulogalamu, ndi liwiro limene amakutumizirani zatsopano. Arch imasintha mosalekeza. Fedora iliyonse amaisamalira miyezi pafupifupi 13, kenako muyenera kukwera ina. Ubuntu ya LTS, yosamaliridwa nthawi yaitali, imatuluka mu April zaka ziwiri zilizonse ndipo amaisamalira zaka zisanu. Zoti poika mapulogalamu uyu amagwiritsa apt, uyo dnf, winayo pacman, zimenezo n'zokambirana anyamata, inu sizikukhudzani.

Ndinene mosabisa. Munthu amene angauze woyamba kumene kuti aike Arch sakumuthandiza, akungodzionetsera. Arch ndi yabwino, ndipo zolemba zake zofotokozera zinthu ndimaziwerenga mpaka lero ngakhale sindiigwiritsanso ntchito. Koma wogula galimoto yopitira kuntchito sum'patsa injini ili m'makatoni. Kale ndinkati aliyense asankhe zimene zamukomera. Pano ndinasiya ulemu umenewo. Woyamba kumene akufunika kompyuta imene lero ndi mawa mabatani ali pamalo omwewo, basi.

Nkhani ya mabatani ndi yomwenso inakweza Linux Mint. Mu 2011 GNOME 3 inasintha maonekedwe onse, Ubuntu nayo n'kubweretsa yakeyake yotchedwa Unity, ndipo anthu ambiri ozolowera menyu yakale anadandaula. A Mint, gulu limene Clement Lefebvre anayambitsa mu 2006, anapanga Cinnamon kuti menyu ikhalebe pakona yakumunsi kumanzere, mawindo otsegula azionekabe pamzere wapansi. Unity ija Ubuntu inadzaisiya mu 2017 n'kubwerera ku GNOME. Cinnamon ikadalipo, ndipo ndi imene ndikulemberapo pano. Nthawi zambiri ndimaiwala n'komwe kuti ndili pa chiyani.

Tsopano yankho lanu

Ikani Linux Mint ya Cinnamon. Mint 22 inatuluka mu 2024, inamangidwa pa Ubuntu ya LTS ndipo izilandira ma update mpaka 2029. Ngati RAM yanu ndi 4 GB kapena kuchepera apo, tengani Mint ya Xfce, ndi yopepuka. Ilembeni pa fulashi ya 8 GB ndi pulogalamu ngati balenaEtcher, yatsirani laputopuyo pa fulashipo musanaike chilichonse, n'kuyesa Wi-Fi, mawu, kamera ndi printer. Zikagwira pamenepo, zigwiranso mukaika. Dziwaninso kuti Microsoft Office ndi Photoshop za pa kompyuta zilibe mtundu wa Linux. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word, koma matebulo ndi zilembo nthawi zina zimasuntha, ndiye yesani ndi chikalata chanu chenicheni cha kuntchito. Mukaika, yatsani Timeshift, pulogalamu yobwezeretsa kompyuta zinthu zikasokonekera, koma imeneyo imasunga mafayilo a Linux yeniyeniyo, osati zithunzi zanu.

Zithunzizo koperani pa disiki yapadera musanayambe. Mukatha kukopera muizule, muiike m'chipinda china, kenako mubwere mudzadine batani loikira.