Pleya ya Hi-Res kapena foni: kodi khutu limamva kusiyana?

Owerenga athu ena a ku Chilomoni atilembera imelo. Akuti alamu awo akubwera kuchokera ku Joni ndipo awauza kuti asankhe mphatso. Iwo mtima uli pa kapleya kanyimbo ka m'thumba, kaja kokhala ndi chidindo chagolide cholembedwa Hi-Res Audio. Pakalipano amamvera pa foni ya Android ndi timahedifoni ta m'makutu togula mumsika wa Limbe, ndipo nyimbo zawo zambiri ndi zobenetsa pa memori kadi ndi zolandira pa WhatsApp. Amamvera mu minibasi popita kuntchito ku Ginnery Corner, komanso usiku kunyumba. Akufunsa ngati pleyayo idzamvekedi bwino kuposa foni, kapena ndalama za alamu zingolowa m'madzi.

Achimwene, ndi nyimbo ndi mahedifoni omwe muli nawo lero, kusiyana simudzakumva. Mukasintha ziwirizo nyimbo zidzakoma ndithu, koma kukomako sikudzachokera pa chidindo chija.

Chidindocho chimaperekedwa ndi a Japan Audio Society kuyambira mu 2014, ndipo kwenikweni chimanena kuti chipangizo chimatha kuyimba mafayilo a 24-bit/96 kHz kapena kuposa apo. CD, yomwe inafika pamsika mu 1982, ndi 16-bit/44.1 kHz. Nambala ya 44.1 kHz ikutanthauza kuti phokoso linayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo fayilo imasunga mawu okwera mpaka theka la nambala imeneyo, apa ndi 22,050 Hz. Khutu la mwana wathanzi limathera cha pa 20,000 Hz. Munthu wa zaka 40 kawirikawiri amathera cha pa 15,000 kapena 16,000 Hz. Fayilo ya 96 kHz imafika 48,000 Hz, kumeneko angakondwere nako ndi agalu ndi mileme.

Nanga mabit? Awa amanena mtunda wa pakati pa phokoso lalikulu zedi lomwe fayilo ingasunge ndi kaphokoso ka shiii kotsalira pansi. Bit iliyonse imawonjezera pafupifupi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), choncho 16-bit ndi 96 dB, 24-bit ndi 144 dB papepala, ngakhale palibe chipangizo chomwe chimafikadi pamenepo. Chipinda chabata usiku chimakhala ndi phokoso la 30 dB kapena kuyandikira. Kuti kaphokoso ka pansi ka CD katulukire pamwamba pa batalo, voliyumu iyenera kukwera mpaka nsonga za nyimbo zifike 126 dB, pomwe makutu amapweteka ndi kuwonongeka. Mu minibasi ya Chilomoni, injini ikulira, kondakitala akuitanira, ndiye osanena. Komwe 24-bit ili ndi ntchito yeniyeni ndi mu situdiyo, chifukwa wojambula amafuna malo otakasuka kuti woyimba akakuwa mwadzidzidzi mawu asasweke, komanso kuti akasakaniza zida zambiri kaphokoso kasaunjikane.

Akatswiri anaziyesa izi. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran anamvetsera anthu nyimbo za pa zimbale za Hi-Res zotchedwa SACD ndi DVD-Audio, nthawi zina zili momwemo, nthawi zina zitatsitsidwa kufika pa mlingo wa CD, omverawo osadziwa kuti ikulira ndi iti. Pa mayeso 554, olondola anali 276, ndiko kuti theka, chimodzimodzi kungolota. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 18 n'kupeza kuti kakusiyana kalipo koma kochepetsetsa: anthu amalondola maulendo 52 pa 100, ndipo ophunzitsidwa kumvetsera amafika cha pa 60. Awatu ndi anthu okhala phee m'chipinda chotchingidwa bwino, atatchera khutu.

Komabe ena amalumbira kuti anamva kusiyana kwakukulu, ndipo sikuti onse akunama. Chimbale chogulitsidwa ngati Hi-Res nthawi zambiri chimakhala kuti chakonzedwanso mu situdiyo, osachifinya kwambiri ngati chomwe chinapita pa wailesi, ndiye ng'oma zimagunda momasuka. Chomwe amva ndi dzanja la injiniya. Fayilo yomweyo mutaitsitsa kufika 16/44.1 kukomako kumatsala. China ndi voliyumu. Zipangizo ziwiri zikasiyana ndi 1 dB yokha, khutu silinena kuti ichi chakwera, limati ichi chikumveka bwino, besi yake ndi yodzaza. Wogulitsa wochenjera amazidziwa zimenezi.

Tsono tibwere pa nyimbo zanu, chifukwa vuto loyamba lili pamenepo. Zobenetsa zambiri ndi MP3 za 128 kbps, zina zochotsedwa pa YouTube, zina zafinyidwa kawiri kapena katatu pochoka foni iyi kupita iyo. Chomwe MP3 inataya sichibwerera. Mukamvetsera zitsulo za ng'oma ndi mawu a "s" a woyimba mudzamva ngati zikulirira m'madzi, ndipo pleya yabwino imangozionetsa poyera. Samalaninso ndi mafayilo olembedwa FLAC (mtundu wa fayilo wosataya kanthu pa nyimbo) kapena 24-bit opezeka mwaulere pa intaneti. Ambiri ndi MP3 yovekedwa suti, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuwagwira n'kosavuta: ikani pulogalamu yaulere ya Spek pa laputopu, kokerani fayilo m'menemo. Chithunzi chikadukira mowongoka pa 16 kHz, inachokera ku MP3 ya 128. Chikadukira cha pa 20 kHz, inali MP3 ya 320. Fayilo yodzitcha 96 kHz koma yopanda kanthu pamwamba pa 22 kHz, imeneyo ndi CD yongofufumitsidwa. Nyimbo zathu zakale zojambulidwa pa tepi ku MBC nazonso sizifuna 24-bit, tepiyo kaphokoso kake n'kokulirapo kale kuposa ka CD.

Chomwe mukufuna ndi FLAC ya 16/44.1 yochokera pa CD yeniyeni kapena kwa mwini nyimbo, apo ayi MP3 ya 320 kapena AAC ya 256 yopangidwa kamodzi kokha kuchokera pa gwero labwino. Pa nyimbo ya mphindi 4, MP3 ya 320 imadya pafupifupi 10 MB, FLAC ya CD 25 MB, ya 24/96 cha pa 85 MB. Memori kadi ya 128 GB imanyamula nyimbo za FLAC ya CD zoyandikira 5,000, koma za 24/96 ndi 1,500 zokha. Ngati mukuganiza zomvera pa intaneti, Apple Music ili ndi nyimbo zosafinyidwa kuyambira 2021, koma ola limodzi pa mlingo wa CD limatha kupyola 300 MB. Bandulo ya sabata siichedwa kutha.

Chachiwiri ndi mahedifoni, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimamveka. Mapleya awiri abwino amasiyana ndi kachidutswa ka dB komwe kamaoneka pa makina oyezera basi. Mahedifoni awiri amatha kusiyana ndi 10 dB pa besi kapena pa mawu okwera, zomwe ngakhale agogo angazimve. Ngakhale timalabala ta kunsonga tija tili ndi mphamvu kuposa tchipi cha DAC, chomwe chimasandutsa fayilo kukhala magetsi a nyimbo: kalabala kakachepa mpweya umathawa, besi yonse imapita. Yesani masaizi onse atatu, ndipo musadabwe khutu lamanja likafuna saizi yosiyana ndi lamanzere. Kalabala kotseka bwino kamatchinganso phokoso la pamsewu, ndiye simukweza voliyumu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata pa 80 dB, ndipo mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati.

Pleya ili ndi mbali ziwiri zokhudza mamvekedwe. DAC imasandutsa manambala kukhala magetsi, ampulifaya imakankha mahedifoni. Otsatsa amakonda kutchula matchipi a DAC a ESS, AKM kapena Cirrus Logic, koma masiku ano onsewa ndi oyera kupyola pomwe khutu limafika. Yomwe imasiyanitsa ndi ampulifaya, ndipo pa pepala la pleya muyang'ane manambala awiri.

Yoyamba ndi mphamvu. Mafoni ambiri amatulutsa volti imodzi kapena kuchepera. Volti imodzi pa mahedifoni a 32 ohm ndi 31 mW, zokwanira ndi kutsala, poti timahedifoni ta m'makutu tambiri timafika 100 dB ndi 1 mW yokha. Volti yomweyo pa mahedifoni akuluakulu a 300 ohm, monga Sennheiser HD 600, ndi 3.3 mW basi. Apo foni imatha mpweya, ng'oma zimamveka zofowoka. Pleya yotulutsa mavolti awiri imapereka 13 mW pa mahedifoni omwewo, ya mavolti anayi 53 mW, ndipo kusiyana kumeneku ndi kwenikweni. Ngati mulibe mahedifoni otere ndipo simukuganiza zowagula, mphamvuyo mukulipira yongokhala. Imathanso kukupwetekani: timahedifoni tosachedwa kulira tikalumikizidwa ku ampulifaya yamphamvu timatulutsa shiii nyimbo ikakhala chete. Mankhwala ake ndi kuika gain, mlingo wa mphamvu ya ampulifaya, pa Low.

Yachiwiri, yomwe ambiri saiyang'ana, ndi output impedance, kukaniza magetsi kwa pleyayo potulukira mawu, koyezedwa m'maohm. Isapyole gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a maohm a mahedifoni anu. A 32 ohm amafuna yosapyola 4, a 16 ohm yosapyola 2, ndipo yochepera 1 ndiye imayenda ndi chilichonse. Ikakwera, mamvekedwe amapindika motsatira mahedifoniwo, besi imatha kulekerera kapena mawu okwera kuzilala, makamaka pa timahedifoni tokhala ndi timasipika tingapo m'kati. Astell&Kern AK100 ya 2012, imodzi mwa mapleya omwe anatchukitsa msika umenewu, inali ndi 22 ohm, ndipo inkasintha mamvekedwe a timahedifoni todula tomwe anthu ankaigulira. Mtengo si umboni.

Za bowo la 4.4 mm lotchedwa balanced tinene mwachidule. Pa pleya zambiri limatulutsa mavolti owirikiza kawiri, ndiko kuti 6 dB yowonjezera, basi. Limafuna chingwe chakechake. Musayerekeze kulowetsamo mahedifoni wamba a 3.5 mm kudzera pa adaputa, chifukwa mumagundanitsa mawaya awiri osayenera kukumana ndipo ampulifaya ikhoza kupsa.

Ngati mumamvera pa Bluetooth, nkhani yonseyi yatha. Nyimbo imafinyidwa isanauluke: mwa njira zofinyira, SBC imafika 328 kbps, aptX 352, LDAC 990 ikakhala pabwino, pomwe CD ndi 1,411 kbps ndipo 24/96 ndi 4,608. Komanso DAC ndi ampulifaya zomwe zikugwira ntchito ndi za m'mahedifonimo, za mu pleya yodula ija zili m'tulo.

Musanawatume alamu, yesani khutu lanu. Pezani fayilo imodzi yeniyeni ya 24/96. Pa laputopu ikani foobar2000 ndi kachiwonjezero kake ka ABX Comparator, zonse ndi zaulere. Itsitseni nokha fayiloyo kufika 16/44.1, kuti mukhale ndi chitsimikizo kuti gwero ndi limodzi, kenako pulogalamuyo izikuyimbirani mobisa inu n'kumanena kuti ndi iti. Chitani maulendo 16. Mukalondola 12 kapena kuposa, khutu lanu likumvadi kanthu. Mukathera pa 8 kapena 9, mwalota. Poyerekeza foni ndi pleya, yambani mwafananitsa voliyumu: yimbani kaphokoso koyezera ka 400 Hz pa zonse ziwiri, yezani mavolti ndi mita ya amagetsi ili pa AC, zisasiyane kupyola 1 pa 100, ndipo wina azikusinthirani chingwe inu mutafulatira.

Ife tikanagawa mphatsoyo motere. Gawo lalikulu lipite ku mahedifoni abwino a waya. Kagawo kochepa kagule dongle, kachingwe kafupi ka USB-C kokhala ndi DAC ndi ampulifaya m'kati. Ka Apple ndi kotchipa komanso koyera bwino, kungoti komwe kamagulitsidwa ku Ulaya kamatulutsa theka la volti pomwe ka ku America kamatulutsa volti yathunthu, ndipo pa mafoni ena a Android kamamveka motsika. Ta FiiO ndi makampani ena timafika mavolti awiri. Android imakonda kusandutsa nyimbo zonse kukhala 48 kHz, zomwe sizimveka, koma zikakuvutani mumtima pulogalamu ya USB Audio Player PRO imazilambalala.

Pleya ili ndi zifukwa zake zomveka, kungoti si za Hi-Res. Magetsi a ESCOM akazima, nyimbo sizikudyerani batire la foni lomwe mukusungira kuyimba ndi Mpamba kapena Airtel Money. Mafoni ambiri atsopano alibe bowo la mahedifoni ngakhale malo a memori kadi. Nyimbo sidukizidwa ndi mauthenga a pagulu la mpingo. Mabatani ake mumadina ili m'thumba, foni osaitulutsa pa Wenela. Ngati izi ndi zomwe mukufuna, pleya yapakatikati ikukwanirani. Sankhani ya output impedance yochepera 1 kapena 2 ohm, yotchajira pa USB-C, ndipo dziwani kuti zoyendera Android zimatha batire msanga kuposa zopanda Android, mafayilo a 24/192 ndi DSD (mtundu wina wa Hi-Res) ndiye amalimaliza mwachangu n'kutenthetsa chipangizo. Mu Okutobala musaisiye padzuwa kapena kuitchaja ili pansi pa pilo, kutentha ndi komwe kumapha batire la lithiamu, ndipo ambiri mwa mabatire amenewa ndi omatira m'kati, kulipeza lina mu Blantyre muno si masewera. Alamuwo aiyese ali konko asanakwere basi, poti ikavuta walanti yake ili ku Joni.

Memori kadi nayo muiyese. Zabodza zachuluka: yolembedwa 128 GB m'kati muli 8 kapena 16, imalandira nyimbo bwinobwino kenako zoyamba zija n'kuyamba kudumphadumpha kapena kusowa. Pulogalamu ya H2testw imadzaza kadi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Chitani zimenezi kadi ikadali yopanda kanthu, tsiku lomwelo mwagula. Kadi yopyola 32 GB imabwera itafomatidwa mwa njira ya exFAT, yomwe mapleya ena akale saiwerenga, choncho ikafika muifomatire mu pleya momwemo musanaikemo nyimbo.