Sitata yaing'ono kapena chimphona chija pa Bedford?

Funso: Bwana makaniko, ndili ndi Bedford ya dizilo, injini 330, ya 12 volts, ndimanyamulira mchenga ndi njerwa kuno ku Dedza. Chiyambireni June m'mawa sitata ikumazungulira mwaulesi, pena kungoti kha basi mpaka anyamata akankhe. Ku shopu andionetsa ziwiri, ina yaikulu ngati yomwe ilipoyi, ina kakang'ono akuti ndi kamphamvu kuposa. Zoona kanthu kotero kangalize lole? Nditenge iti?

Yankho: Achimwene ndalamazo zibwezeni kaye m'thumba. Malole obwera kwa ine ndi kudandaula kumeneku, ambiri sitata imakhala ilibe mlandu, moto ndi umene sukufika. Nyengo yozizira ngati ino, kwanu ku Dedza nde usanene, oyilo amalimba, batire naye amafooka, nde kavuto kamene kamabisala nyengo yotentha kamaonekera poyera.

Pezani multimeter, mita yoyezera moto ija, ngakhale yobwereka, muyike pa DC 20 volts. Waya wofiira mugunditse pa mutu weniweni wa batire wa pulasi, pamtovu penipenipo osati pa kilampu ayi, anthu amalakwitsa pomwepa, wakudawo pa bawuti yaikulu ya solenoidi, siwichi ija ya pa sitata, pomwe pafikira kebulo. Kokani chozimitsira injini chija kuti isalire, mnyamata wanu apotoze kiyi inu maso pa mita. Ikawerenga kupyola 0.5 ndiye kuti moto ukuthera m'njira. Mukatero sinthani, waya wina pa mutu wa mainasi wina pa thupi la sitata pamalo popala bwino, apotozenso, apa sindifuna kuona zopyola 0.3. Ndipo muziyeza sitata ikuzungulira, zoyeza lole ili duu nkumati batire ili 12.6 ndiye ili bwino ndi zachibwana, waya wotsala ndi tinsinga titatu naye amaonetsa 12.6 yomweyo koma sangadutse ma amp mazana amene sitata ya dizilo imakoka. Batireyo pozunguza isatsike pansi pa 9.6, ikatsika vuto layambira pomwepo.

Mbali ya ethi, njira yobwererera moto ku batire, ndi imene imandipsetsa mtima. Lamba wa ethi wochoka ku chasisi kupita ku injini pa malole akalewa ndimapeza atadya dzimbiri, wina anamangirira pa penti, wina anaikapo waya wa m'nyumba eti. Inabwera lole ina mwini wake atasintha masitata awiri mwezi umodzi, nditasenda kebulo pafupi ndi thaminolo mkati monse munali mobiriwira ngati ndiwo, kunja kukuoneka bwinobwino. Tinangodula, kuika thaminolo ina, inalira kamodzi. Kilampu yokhomera msomali kuti igwire chonde chotsani. Mulibe mita? Zunguzani pang'ono kenako gwirani malo olumikizira onse, pamene patentha ndi pomwepo.

Tsono zikapezeka kuti mawaya ali bwino, nkhani ya kusankha ili chonchi. Yaikuluyo, ya Lucas kapena CAV imene inabwera ndi lole, amecha, chozungulira cha mkati mwa mota, imazunguza bendikisi, kagiya koluma mano a injini kaja, mwachindunji, nchifukwa chake ndi yolemera komanso imamwa moto kwambiri. Kakang'onoko mkati muli magiya, kamota kamathamanga maulendo atatu kapena anayi bendikisi nkuzungulira kamodzi, ngati mmene mumakwerera chitunda pa giya wani. Nde inde kamatha kuliza lole, kamakoka moto wochepa, m'mawa wozizira kamathandizadi, komanso pomanga simuthyoka nako mkono muli chagada pansi. Malole a ku Japan ngati Dyna ambiri amabwera ndi zoterezi kalekale, si zachilendo.

Koma ndikunena yeniyeni, ya Denso kapena Bosch kapena yofanana nazo. Tija topanda dzina tobwera m'katoni yonyezimira, mtengo wake wokomawo, magiya ake amatha ngati sopo ndipo sipeya wake simumupeza, mumangotaya. Pamene chimphona chanucho aliyense wa zamagetsi a galimoto amachidziwa, mabulashi, mabushi, kupala ma contact a solenoidi, chabwerera pa ntchito. Ine pakati pa kotchipa katsopano ndi yakale yokonzedwa bwino ndimatenga yakale osaganiza kawiri. Yaing'ono yeniyeni ikapezeka ndipo thumba likulola, imeneyo tengani, makamaka poti loleyo mumailiza m'bandakucha.

Popita ku shopu nyamulani yakaleyo, osadalira chithunzi cha pa WhatsApp. Werengani mano a bendikisi, onani kukula kwa manowo, mabowo a mabawuti, utali umene bendikisi imatuluka ndi mbali imene imazungulira. Mano akasiyana mudya ring gear, giya yaikulu ya injini imene bendikisi imaluma, ndipo kusintha imeneyo nkutsitsa giyabokosi. Ya 24 volts musayike pa 12, izi sindingachite kufotokoza. China, malole ena a ku Britain a m'ma 1960 ethi yake ndi pulasi, mukaikapo yaing'ono ya maginito izungulira chobwerera, nde onani kaye waya amene wapita ku chasisi.

Funso: Ine yanga ndi Dyna, ili ndi yaing'ono yomweyo. Ikakana ndimaigogoda ndi hamala nkulira, pano yasiyiratu. Yapsa?

Yankho: Mwaipha nokha madala. Chizolowezi chogogoda chinachokera ku zikuluzikulu zija za makoyilo, zimapirira. Zing'onozing'ono zina mkati muli maginito omata ku thupi, mukamenya amasweka ngati mbale yadothi nkugwira amecha. Kulira ikagogodedwa kuja inkakuuzani kuti mabulashi atha kapena ma contact apsa, ntchito yosafika ola limodzi. Itsitseni muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva tizidutswa tikuchita phokoso mkatimo kagulani ina, mukapanda kumva bweretsani tione mabulashi. Ndipo dalaivala wanuyo mumuuze asamakakamire kiyi kupyola masekondi 15, azipumitsa kaye.