Ndipite ku Lilongwe kukagwira ntchito yaulere, kapena ndidikire internship ya boma?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Linthipe, m'boma la Dedza. Wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda chaka chatha, pano ndangokhala pakhomo pa makolo. Paliponse pamene alengeza ntchito akufuna munthu woti anagwirapo kale zaka ziwiri. Kabungwe kena ka ku Lilongwe kandiuza kuti ndikhoza kukayamba ngati volontiya, koma kopanda malipiro, ngakhale ya thiransipoti. Palinso bambo wina amene akuti ndikamupatsa K60,000 andilowetsa pa mndandanda wa internship ya boma. Amayi akufuna kugulitsa mbuzi kuti ndalamayo ipezeke. Ndichite chiyani?"

Achemwali, choyamba auzeni amayi kuti mbuziyo ikhale m'khola. Internship ya boma salipiritsa. Unduna wa za ntchito ukafuna achinyamata umalengeza poyera, umanena okha njira yofunsira, ndipo maina a osankhidwa amatulukanso poyera. Bambo wa K60,000 ameneyo, ngati sali wakuba wamba amene foni yake idzazima mukangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye kuti ndi munthu wa katangale, ndipo pamilandu ya ziphuphu wopereka nayenso amagwidwa. Sungani mauthenga amene anakulemberani. Ngati mtima ukukulolani, kawatuleni ku ACB, bungwe la boma lothana ndi katangale. Ngati simukufuna zambiri, ingomusiyani.

Tsopano internship yeniyeniyo. Pologalamuyi inayamba m'chaka cha 2018, pamene Goodall Gondwe anali nduna ya zachuma. Mu bajeti ya 2018/19 anaikamo K4.8 biliyoni yoti achinyamata 5,000 atumizidwe m'maunduna, m'madipatimenti ndi m'makhonsolo, aliyense azilandira K80,000 pamwezi. Funsirani ndithu ikalengezedwa, ndipo ngati fomu ikufunsa boma limene mukufuna kukagwirira, lembani Dedza, chifukwa alawansi ya intern imaoneka ngati ndalama pokhapokha munthu akamagona kwawo. Koma muzidziwiratu zinthu ziwiri. Imeneyi si ntchito yokhazikika. Nthawi yake ikatha mumabwerera kunyumba, ndipo kulembedwa m'boma kumadzera ku ma intavyu a makomishoni olemba anthu ntchito, komwe intern ndi amene sanakhalepo intern amakhala pa benchi imodzi. Chachiwiri, nkhani za ma intern odandaula kuti alawansi yachedwa miyezi zakhala zikumveka kangapo pa wayilesi ndi m'manyuzipepala. Choncho funsirani, koma musaimitse moyo wanu kudikira mndandanda umene simukudziwa tsiku lotuluka.

Za ku Lilongwe sindikukanizani kotheratu. Alipo anthu amene analowera pa uvolontiya ndipo lero ndi mabwana m'mabungwe omwewo. Koma tengani pepala muwerengetsere musanakwere minibasi: lendi ya chipinda chimodzi ku Kawale kapena ku Area 36, minibasi yopita ndi yobwera tsiku lililonse, makala, ndiwo, mayunitsi, sopo. Muchulukitse ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ndalama imene ituluke pamenepo ndiyo fizi imene makolo anu akhale akulipira kuti inu muzigwirira anthu ena ntchito. Ngati muli ndi azakhali mumzindamo amene angakusungeni, nkhani yapepukako. Ngati mulibe, kabungweko kayenera kuonetsa kuti kakupatsani chinthu cholingana ndi fiziyo.

Afunseni mafunso awa, ndipo muwapemphe kuti mayankho akhale pa kalata: ndidzagwira ntchito yanji kwenikweni, adzandiyang'anira ndani, ndiyamba liti n'kumaliza liti, ndipo pomaliza mudzandilembera kalata yaumboni? Mufufuzenso ngati kabungweko n'kolembetsedwa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Pa mafunso aja, la tsiku lomalizira ntchito ndi limene mabungwe ambiri amalizemba. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti ngakhale munthu waluso amene walembedwa ntchito moyeserera, nthawi yoyesererayo isapitirire miyezi 12, chonsecho iyeyo amakhala akulandira malipiro. Nanga inu wosalandira kanthu azikusungani mpaka liti ndi mawu akuti "tikudikira ma donor"?

Koma chimene ndikufuna tikambirane kwambiri ndi zaka ziwiri zimene zikukutsekerani khomozo. Wolemba ntchito akalemba zimenezo pa chilengezo, chimene akuopa n'kulemba munthu amene sanaimepo pamaso pa alimi makumi anayi okwiya chifukwa mbewu yachedwa, sanalembepo lipoti loti bwana alisayine, ndipo palibe munthu wamkulu aliyense amene angaimbiridwe foni n'kunena kuti "eya, mwana ameneyo ndimamudziwa, amagwira ntchito". Akufuna umboni wa ntchito yogwirika ndi munthu wokuikirani kumbuyo. Zinthu ziwiri zimenezi, kwa munthu wa digiri ya zaulimi, zili pafupi ndi inu kuposa mmene zilili kwa mnzanu amene akukhala ku Area 47. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Taganizirani. Ku Linthipe komweko kuli ofesi ya EPA, kumene kumakhala alangizi a zaulimi a boma a m'deralo, ndipo ena mwa ma EPA a m'boma lino ndi Bembeke, Lobi, Mayani, Kaphuka, Golomoti ndi Mtakataka. Kuchepa kwa alangizi a zaulimi ndi dandaulo lakalekale m'dziko muno. Mlangizi mmodzi amayendera midzi yambirimbiri, nthawi zina pa njinga yakapalasa. Kumtunda kuno kuli mbatatesi ya ku Bembeke, ndipo mukatsetserekera ku Ntcheu pali msika wa Lizulu ndi minda ya ku Tsangano, kumene kabichi, tomato, karoti ndi mbatatesi zimadzaza malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumunsi kuchigwa kuli sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, kumene amalima mpunga. Kulinso makopaletivi ndi magulu a alimi a ng'ombe zamkaka. Ambiri mwa magulu amenewa amadziwa kulima bwino kuposa inu ndi ine, koma amavutika ndi mapepala: kaundula wa mamembala, buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndondomeko ya bizinesi imene mapologalamu ngati AGCOM amafuna gulu lisanapatsidwe thandizo. Munthu wodziwa kompyuta ndi masamu a ulimi ngati bizinesi amasowa kumeneko.

Vuto ndi kapemphedwe kake. Achinyamata ambiri amasindikiza makalata makumi awiri ofanana, akuti "ndikupempha malo alionse amene angapezeke", n'kukawasiya kwa mlonda kapena kwa sekilitale. Kalata yotereyi imam'patsa bwana ntchito yoti akuganizireni chochita, ndipo alibe nthawi imeneyo. Inu pitani nokha kwa AEDC, mkulu wa EPA, m'mawa asananyamuke kupita kumidzi. Valani ngati munthu wokonzeka kulowa m'munda tsiku lomwelo. Mukapatsana moni, nenani zachindunji, mwachitsanzo: "Bwana, ndine mwana wa konkuno, ndamaliza ku Bunda. Ndikupempha kuti kwa miyezi itatu ndiziyenda ndi alangizi a sekishoni yakwathu, Lolemba mpaka Lachinayi. Ndikhoza kuthandiza kulemba kaundula wa makalabu pa kompyuta ndi kuyang'anira munda wachitsanzo umodzi. Sindikupempha malipiro, ndikupempha kuti pomaliza mudzandilembere kalata yonena zimene ndachita." Mwina akuuzani kuti chilolezo chimachokera ku ofesi ya zaulimi ku khonsolo, pa boma. Musakhumudwe, afunseni dzina la udindo wa amene muyenera kumulembera, ndipo muwapemphe kuti alembe mawu awiri pa kalata yanuyo osonyeza kuti iwo avomera kukulandirani. Kalata yofika ku boma ili kale ndi siginecha ya munthu wawo imayenda msanga.

Mundifunsa kuti, nanga si ntchito yaulere yomweyo? Inde ndi yaulere. Kusiyana kwake n'kwakuti mukugona kwanu, mukudya nsima ya pakhomo, malire a nthawi mwaika ndinu, ndipo masiku otsalawo muli ndi mpata wolima dimba lanu kapena kuphunzitsa ana a fomu 4 masamu ndi Agriculture kuti mupeze ya sopo.

Akakulandirani, gulani kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse muzilemba deti, mudzi, gulu limene mwakumana nalo, anthu angati, amayi angati abambo angati, mwachita chiyani, mwapeza vuto lanji. Lachisanu lililonse alangizi azisayina. Zimaoneka ngati zachibwana mwezi woyamba, koma tsiku lolemba CV mudzathokoza. Pali kusiyana pakati pa mzere wakuti "ndinagwirapo ngati volontiya ku ofesi ya zaulimi" ndi wakuti "ndinalemba kaundula wa makalabu asanu ndi atatu, ndinaphunzitsa alimi kapangidwe ka manyowa a Mbeya, ndinayang'anira munda wachitsanzo wa soya kuyambira kubzala mpaka kukolola". Woyambawo aliyense akhoza kulemba. Wachiwiriwo ukafika pa intavyu umabala mafunso amene inu nokha ndi amene mungayankhe, ndipo mumayankha mosaloweza. Kalata yomalizayo ikhale pa pepala la ofesi, ya chidindo, yotchula masiku ndi ntchito zake. Muitenge sabata yomaliza yomweyo. Mabwana amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwawo sadzakudziwani.

Ndinenepo za kutumidwa. Kulikonse kumene mungapite, kaya ku EPA, kaya ku Capital Hill, intern amatumidwa kukagula tchipisi ndi kukapanga fotokope. Musanyinyirike nazo, wamng'ono pamalo amatumidwa basi. Koma sabata ikatha osachita china choposa pamenepo, pitani kwa amene akukuyang'anirani mukapemphe ntchito ndi dzina lake: "Lipoti la mwezi uno ndingayambe kulilemba ine, inu mudzangokonza?" Anthu ambiri otopa ndi mapepala sakana. Kutumidwa kumene simuyenera kukupirira ndi kwa bwana woyamba kukuitanirani kumalo ogona alendo kapena kukulemberani mauthenga usiku, akumati tsogolo lanu lili m'manja mwake. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere pamalo a ntchito. Musafufute mauthengawo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo ofesi ya za ntchito pa boma komanso apolisi a Victim Support Unit alipo chifukwa cha zoterezi.

Ndikudziwa kuti ena amene akuwerenga pano alibe digiri, anaima pa MSCE kapena pa JCE. Kwa inu khomo lalikulu ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999. Olemba anthu ntchito amapereka ndalama zofanana ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a ntchito zamanja, ndipo maphunziro ake amaphatikiza kalasi ndi attachment kumakampani, kotero munthu amamaliza atagwirako kale zipangizo. Ku Dedza kuno kuli koleji ya ntchito zamanja ya Chongoni, imodzi mwa makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, ndipo Namitete, Salima ndi Lilongwe Technical College sizili kutali. Amene anaphunzirira ukalipentala kapena kuwotcherera pa shedi ya amalume akhozanso kufunsa za kuyesedwa luso kuti akhale ndi pepala. Ofesi ya achinyamata ku khonsolo ndiyo imayamba kumva za maphunziro afupiafupi amene mabungwe amabweretsa, ndipo kawirikawiri imadzera m'makalabu a achinyamata olembetsedwa, ndiye kukhala membala wa kalabu kuli ndi phindu lake.

Za ngongole, ena akuuzani kuti siyani kufuna ntchito, katengeni ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama muyambe bizinesi. Ine maganizo anga ndi akuti ngongole imayenera munthu amene bizinesi yake yayamba kale kuyenda ndipo akudziwa pamene ndalamayo ikalowe. Kutenga ngongole chifukwa chotopa ndi kukhala pakhomo kumathera kobisalira anthu otolera. Yambani ndi mabedi angapo a anyezi kapena mbande za mitengo ya zipatso, muone kaye ngati msika mukuutha.

Ndiye yankho langa ndi ili, achemwali. Kabungwe ka ku Lilongwe kalembereni mafunso aja sabata ino. Kakayankha pa kalata, kakatchula miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi, ndipo muli ndi pogona paulere, pitani. Kakayamba kuzungulira, asiyeni mwaulemu, osatseka khomo. Pamene mukudikira yankho lawo, kaonaneni ndi a AEDC. Nthawi yabwino yogogoda ku ofesi za zaulimi ndi cha mu Okutobala ndi Novembala, pamene akukonzekera dzinja ndipo manja akuwachepera, kapena nthawi ya kalembera wa zokolola. Ndipo musanalembe dzina la munthu aliyense pa CV ngati wokuchitirani umboni, mupempheni kaye, mumupatse kope ya CV yo, kenako muzimudziwitsa nthawi iliyonse imene mwafunsira ntchito kuti foni ikalira asadzafunse kuti "ndani ameneyo?"