Chowotcherera cha K25,000 chikukwanirani, koma abale anu ayambe kulipira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa Mpondasi ku Mangochi, ndipo ikuti:

"Bambo mlangizi, ndine mnyamata wa zaka 23. Kuyambira ndili ku pulayimale ndimakonda kumasula mawailesi ndi matochi. Pano ndimawotcherera mawaya ndi msomali wotenthetsa pa mbaula, ndiye ndikufuna soldering iron. Pa boma ndapeza ya K9,000 yongolumikiza ku magetsi, ndi ina ya K25,000 yokhala ndi popotokola kutentha. Mnzanga wa ku Joni akuti atha kunditumizira station yonse (chowotcherera chokhala ndi bokosi lake lowongolera kutentha) pa K160,000. Ndili ndi K40,000, ndipo bambo wina wavomera kundikongoza K120,000 kuti ndidzabweze K180,000 pakutha pa mwezi. Ndigule iti? Ndimakonza zinthu ngati khumi pa sabata, koma ndi za abale ndi anansi, sindiwalipiritsa chifukwa ndimangochita mokonda."

Achimwene, kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri. Wina amafunsa za makina osokera, wina za makina ometera, wina za kamera. Onse amafunsa za chida, nkhani yeniyeni n'kuibisa kumapeto kwenikweni kwa kalata. Inunso mwatero.

Za chidacho sitichedwapo. Gulani ya K25,000. Ya K9,000 ija imangotentha mosalekeza, ikakhala mphindi khumi pa magetsi nsonga yada bii, solder, waya wosungunuka wowotcherera uja, sagwiranso, ndipo mukaikanikiza pa bolodi ya wailesi imamatula timizere ta kopa tija. Yopotokolayo muziika pa madigiri 330 mpaka 350, basi. Solder mugule wa 60/40, wosakaniza tini ndi mtovu, wopyapyala, wokhala ndi flux m'kati mwake, mankhwala omuthandiza kugwira. Ameneyu amasungunuka asanafike madigiri 190, pamene solder wopanda mtovu amafuna pafupifupi 220 ndipo amavutitsa zowotcherera zotchipa. Nsonga musamaipale ndi tupa kapena sandipepala monga mumachitira ndi msomali wanu. M'kati mwake ndi kopa wokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, mukakapala kameneko solder amayamba kudya kopayo, pakatha milungu iwiri nsonga yakumbika ngati dzino lobooka. Muziipukuta pa siponji yonyowa, ndipo musanazimitse muziipaka solder pang'ono kuti igone yovala. Ikabwera ndi pulagi ya mano awiri, dulani muike ya mano atatu yolowa bwino m'masoketi athu, musamatsegule soketi ndi kamtengo. Ndalama yotsalayo ipite ku solder ndi multimeter yotchipa, mita yoyezera magetsi, chifukwa wokonza wopanda mita amawotcherera pomwe palibe vuto.

Tsopano bambo wokukongozaniyo. Dzina lake ndi katapila, ngakhale atakuitanani "mwana wanga" ndi kukupatsani mpando. K60,000 pa K120,000 ndi theka lathunthu pa mwezi umodzi. Tiyerekeze kuti ntchito iliyonse mukulipiritsa K1,000. Mufunika ntchito 60 kuti mubweze chiwongoladzanja chokha, ndi ntchito 180 kuti mumalize ngongole yonse, m'masiku 30. Inu mumagwira ntchito 40 pa mwezi, zonse zaulere. Ndiye tsiku lobweza likafika mudzatenga kuti? Ndikuuzeni kumene mudzatenge: mudzagulitsa station yomweyo pa mtengo wolira, mwina foni yanu ipite nayo, ndipo bamboyo adzatsalabe akukufunani. Komanso station imafuna magetsi a ESCOM. Akazima, K160,000 yanu yakhala pa tebulo ngati mwala, inu mwabwerera ku mbaula. Ngati kwanuko magetsi amavuta, chida chachiwiri choyenera kuganizira m'tsogolo ndi kachowotcherera ka 12V kokhala ndi zopanira pa batire. Kamakoka ma amp atatu okha, batire ya sola ya panyumba imatha kukayendetsa. Kwa bamboyo pitani lero mukathokoze, muwauze kuti mwasintha maganizo.

Koma chimene chandipweteka mtima ndi mawu aja akuti "sindiwalipiritsa". Mukuti mumangochita mokonda. Chabwino, kukonda ntchito ndi chuma, ambiri alibe. Koma zinthu khumi pa sabata si masewera ayi, imeneyo ndi shopu, kungoti mwini shopu ndiye akulipira makasitomala. Magetsi si nkhani, chowotcherera cha 60W chimayaka maola oposa 16 pa yuniti imodzi. Chimene chimadya ndalama ndi solder, mawaya, tepi, kaswitchi apa, kasoketi ka chaja apo, ndi kabaza wopita pa boma kukagula. Tingoti K300 pa ntchito iliyonse, ndipo ndachepetsa. Pa ntchito 40 ndi K12,000 pa mwezi yochoka m'thumba mwanu. Pa chaka ikuposa K140,000. Station mukuifunayo munaigula kale, inakathera m'mawailesi a anthu.

Ndinaziona izi pa mwana wa mchemwali wanga, amene anali ndi luso ngati lanuli. Tsiku lina ndinalowa m'chipinda chake, ndinapeza pansi pa bedi pali katoni yodzaza: mawailesi anayi, sipika ya amalume ake ena, nyali za sola, matochi osawerengeka. Ndinanyamula wailesi imodzi n'kumufunsa kuti ndi ya ndani. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuyankha kuti mwina ndi ya mayi a kuseli kwa mzikiti, mwinanso ndi ya mlamu wake. Pa tebulo panali kachidutswa ka solder kosakwana chala, ndiye kotsiriza, ndalama yogulira wina analibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu omwe ankawakonzera ulerewo ndi omwe ankamunena kuti amachedwetsa zinthu, ndipo wina anamulipiritsa wailesi yatsopano ati anaiwononga, chonsecho inabwera itafa kale. Panalibe pomwe analemba, ndiye akanatsutsa ndi chiyani? Anasiya ntchitoyo ali wokwiya, ndipo luso lija linangogona.

N'chifukwa chake ndimaumirira za kope, ndipo owerenga anga akale akudziwa kuti sinditopa nazo. Musanagule chowotcherera, gulani kope la masamba 40 ndi bolopeni. Chinthu chikangofika, mwini wake asanachoke, lembani tsiku, dzina lake, chinthucho, vuto lomwe wanena, ndi momwe chikuonekera. Ngati chabwera chosweka pakona kapena chopanda chivundikiro cha mabatire, lembani iye akuona. Matani kapepala ka nambala pa chinthucho, nambala yomweyo ikhale m'kope. Mukamaliza lembani zomwe mwagula ndi zomwe walipira. Ngakhale mwakonzera agogo anu ulere, lembani mtengo wake, kenako mulembe kuti "mphatso". Pakutha pa mwezi muwonkhetse mphatsozo. Mukadzaona ndi maso anu kuti mwapereka K20,000 kwa anthu oti ena mwa iwo ali ndi maboti pa nyanja, manyazi olipiritsa adzatha okha.

Ndikudziwa chomwe mukuopa. Mukuopa kumva kuti "mwana uyu wayamba kunyada, mpaka kulipiritsa amalume ake". Adzanena ndithu, kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Koma chibale ndi fupa, sichiola, ndipo sichingaole chifukwa cha K500. Sankhani anthu anu aulere, makolo ndi agogo, osaposa anayi. Ena onse muwauze mwaulemu kuti, "Amalume, dzanja langa ndikupatsani pa theka, koma zipangizo mugula ndinu, ndalama yake ndiilandire ndisanatsegule." Lembani mitengo pa katoni, muipachike pomwe mumagwirira ntchito, kuti pepala lizikuyankhulirani pamene pakamwa pakulemera. Amene angakwiye n'kutenga wailesi yake, muperekezeni bwinobwino mpaka pa msewu. Akakamva mtengo wa pa boma adzabwerera.

Ndipo makasitomala olipira muli nawo pafupi, simunawaone chifukwa abale akutchingani. Asodzi a usipa amapha usiku ndi nyali, ndipo ambiri anasiya nyali za parafini, pano akugwiritsa ntchito mababu a LED olumikiza ku batire. Mawaya amene amagona pa madzi usiku uliwonse amachita dzimbiri, amaduka polumikizira, zopanira zimathothoka. Imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi kwa munthu wodziwa kuwotcherera, ndipo msodzi amene nyali yake yafa madzulo sanenerera mtengo, chifukwa kugona kumtunda usiku umodzi kumamudyera zambiri kuposa K1,000 yanu. Pitani ku Makawa kapena ku Malindi m'mawa maboti akamakocheza, mukacheze nawo, muone zomwe zimawafera. Onjezani nyali za sola za m'makomo, masipika, machaja, mawailesi. Mafoni a masiku ano asiyeni kaye. Tizipangizo take n'tating'ono kuposa njere ya mpunga, timafuna makina a mpweya wotentha ndi dzanja lozolowera, ndipo foni imodzi mukaipsereza idzadya phindu la miyezi itatu.

Pa ndalama iliyonse yolowa, patulani gawo limodzi mwa magawo atatu, muliike ku Mpamba kapena Airtel Money, pa nambala yomwe simugulira mayunitsi. Solder, nsonga ndi mita zonse zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira momwe mitengo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wosasunga amapezeka solder watha, mtengo wakwera, m'manja mulibe kanthu. Mukamapeza K40,000 pa mwezi n'kumasunga K13,000, pakutha pa miyezi 13 station ija mwaifika popanda kugwadira munthu, ndipo nthawi imeneyo kope lidzakuuzani ngati mukuifunadi.

Chinthu china musachinyozere: solder wa 60/40 ali ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Musamamulume ndi mano pomudula, gwirirani ntchito pa khonde kapena pafupi ndi windo kuti utsi usakulowereni m'mphuno, timadontho togwa pansi musese ana asanatole, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima.

Pakatha miyezi itatu mundijambulire tsamba limodzi la kopelo munditumizire. Ndikufuna ndidzaone mzere wa amalume, ndi ndalama yomwe analipira.