Kwa achemwali amene afunsa ngati mchimwene wawo angaonenso

Achemwali, mwafunsa za mchimwene wanu amene madokotala anamupeza ndi retinitis pigmentosa. Mwati anayamba ndi kusaona kukada, pano akuona ngati akusuzumira pa kachibowo, ndipo mukufuna kudziwa ngati zoti asayansi akusandutsa maselo a m'diso kuti azimva kuwala n'zoona. N'zoona ndithu, koma nkhaniyi ili ndi njira ziwiri zimene anthu akuzisakaniza.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kotchedwa retina. Mmenemo muli maselo ogwira kuwala, ndipo matendawa amapha maselo amenewo pang'onopang'ono, kuyambira ndi othandiza kuona mumdima. Akafa saphukanso. Koma si maselo onse a retina amafa, ena amatsala amoyo kwa zaka zambiri, ndipo chiyembekezo chonse chagona pa otsalawo.

Njira yoyamba anaiphunzira kwa kansomba kotchedwa zebrafish. Retina ya kansombaka ikavulala, maselo otchedwa Müller glia, amene ntchito yawo ndi kuchirikiza ndi kudyetsa anzawo, amagawikana n'kubala maselo atsopano a minyewa yonyamula uthenga, kuphatikizapo ogwira kuwala. Ife tili nawonso maselo amenewa, koma athu sachita zimenezo. Mu 2017 gulu la Thomas Reh ku University of Washington linadzutsa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa amene ali m'maselo) yotchedwa Ascl1 m'maso mwa mbewa zikuluzikulu, ndipo maselowo anasandukadi a minyewa, ngakhale ambiri sanali ogwira kuwala enieniwo. Mu 2018 gulu la Bo Chen ku Mount Sinai, ku New York, linalengeza kuti lapanga maselo ogwira kuwala m'mbewa zobadwa zosaona. Zinasangalatsa ambiri. Kenako akatswiri ena anayamba kukayikira ngati maselo amene amaoneka atsopano m'kafukufuku wa mtundu umenewu anachokeradi ku Müller glia, kapena anali akale amene angolandira molakwika chizindikiro chimene asayansi amaika pa maselo kuti aziwatsata. Njira imeneyi ikadali ya m'labotale.

Yachiwiri ndiyo yafika pa munthu, ndipo ndi imene imandigwira mtima. Imatchedwa optogenetics. M'malo mobala maselo atsopano, amatenga jini ya puloteni yomva kuwala yochokera ku ndere za m'madzi, n'kuinyamulitsa vairasi yosavulaza, n'kubaya m'diso. Maselo amene ntchito yawo inali kungotumiza uthenga ku ubongo amayamba kumva kuwala okha. Mu 2021 José-Alain Sahel ndi Botond Roska anafotokoza za bambo wa zaka 58 ku France amene anakhala ndi matendawa zaka 40. Anamubaya diso limodzi, n'kumupatsa magalasi okhala ndi kamera amene amasandutsa zimene zili kutsogolo kukhala kuwala kwamphamvu kolunjika pa retina. Ataphunzira kugwiritsa ntchito magalasiwo kwa miyezi, anayamba kuzindikira mizere yoyera ya powolokera msewu, kupeza kope pa tebulo n'kuligwira, kuwerenga matambula. Nkhope za anthu sankaziona, kuwerenga buku ayi, ndipo akavula magalasiwo zonsezo zimatha. Wina anganene kuti n'zochepa. Koma taganizani munthu amene kwa zaka ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, lero dzanja lake likupita molunjika pa chinthu. Ubwino wa njirayi ndi woti sisankha jini imene inayambitsa matenda, pomwe mankhwala a Luxturna, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, amathandiza okhawo amene vuto lawo lili pa jini ya RPE65.

Chonde, wina akabwera ku inbox kuti ali ndi madontho kapena jakisoni wobwezeretsa retina, musatumize ndalama. Ndimamva chisoni ndi mabanja amene amagulitsa mbuzi chifukwa cha malonjezo otere.

Pakali pano mchimwene wanuyo asasiye kupita kwa dokotala wa maso. Anthu a matendawa kawirikawiri amachita ng'ala msanga, ndipo ena retina imatupa pakati. Ng'alayo imachotsedwa ndi opaleshoni, kutupako kuli ndi mankhwala, moti kuona kumene kwatsalako kungathe kukhala bwinoko. Ngati muli kumudzi kuno, ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha maso cha Nkhoma angamuyeze zimenezi. Mukapita mukanenenso ngati pali wina m'banja amene amavutika kuyenda kukada, poti matendawa ndi a kumtundu.