Kwa mayi amene afunsa za perete ku MAFCO

Amayi, mwati mwana wanu watengedwa kupita ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, ndiye mwamva kuti kumeneko nthawi yambiri imathera pa kuguba, komanso mukuopa kuti kukalipa kwa alangizi kuja ndi nkhanza. Ndiyankheko, poti nanenso dzuwa la pabwalo la perete linandiwamba.

Kuguba kuja tinatengera kwa Angerezi nthawi ya Keyala, gulu la King's African Rifles lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Ngakhale anzathu ovina malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga anaonera komweko. Kugubako kuli ndi miyezo yake: kuponya phazi kulikonse mainchesi 30, kuponda pafupifupi ka 120 pa mphindi. Ndodo yotseguka pawiri imene sajeni meja amapanira m'khwapa si yokwapulira munthu ayi, ndi yoyezera mapazi omwewo.

Mvetserani mmene lamulo limatulukira. Mawu oyamba mlangizi amawakoka kuti aliyense adziwe chimene chikubwera, omaliza amawadula mwamphamvu, ndipo pomwepo zidendene zonse zigunde pansi kamodzi, pha! Mmodzi akachedwa pang'ono pamamveka pha-pha, basi gulu lonse libwereza, thukuta lili kamukamu. Poyamba mumamuda mnzanu wochedwayo. Kenako mumapezeka mukumuphunzitsa nokha madzulo, chifukwa mwazindikira kuti akalakwa iye mwalakwa nonse. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wolephera kutembenukira kumanja nthawi imodzi ndi anzake, ndani angamukhulupirire ndi mfuti ya zipolopolo anzakewo ali pambali pake?

Zokuwazo, inde amakuwa zedi. Mawu a kopolo ayenera kufika kwa wa kumapeto kwa mzere, komanso akufuna mwanayo azolowere kumva lamulo mtima ukugunda, pali phokoso. Mlangizi wabwino amakalipira jombo yosapukuta, mawa lake ndi yemweyo amene amayang'ana matuza a kumapazi kwako. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza ndi mlandu, si maphunziro, ndipo zotero zikachitika zimakanenedwa kwa akuluakulu.

Panopa muuzeni ayambiretu kuthamanga m'mawa, aphunzire kusita ndi kupaka polishi, atengenso masokosi okhuthala okwanira. Salima kumatentha, azimwa madzi. Akaima nthawi yaitali pa perete asaumitse mawondo, azigwedeza zala za m'jombo mwakachetechete kuti magazi aziyenda, apo ayi adzaona chidima n'kugwa chafufumimba.