Kabulangete ka mbewa kaja, alamu

Alamu, mwaswera bwanji uko? Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungandichedwetse. Funso lanu ndalimva, ndaseka mpaka ana kubwera kudzaona. Akuti kabulangete kali pachithunzi kaja ndasokera mbewa kapena, bwanji osasoka lalikulu loti munthu n'kufunda m'nyengo yozizira ino. Inu alamu inu! Mbewa za ku Katete zili ndi una wawo, sizinandipemphe chofunda.

Kameneka si kofunda ayi, n'koyang'ana. Kamapachikidwa pakhoma ngati chithunzi. Azungu amati quilt, kutanthauza nsalu zitatu zosanjikiza: pamwamba tizidutswa tolumikiza, pakati chofewa, pansi nsalu imodzi, kenako n'kuzibaya zonse pamodzi ndi ulusi. Tating'onoti kale ku America ankasokera zidole, atsikana n'kumaphunzirirapo kugwira singano. Masiku ano ndi luso palokha, ndipo pa mipikisano yambiri ya kumeneko sikafunika kupitirira mainchesi 24 mbali iliyonse, ngati masentimita 60. Kanga kaja ndi masentimita 30 okha, mbale ya nsima ingakaphimbe pafupifupi konse.

Tsono inu mukuganiza kuti kachepa ndiye n'kosavuta. Ayi ndithu, ndi kamene kanditulutsa thukuta kuposa madiresi onse amene ndinasokapo. Tamverani. Muli timabokosi 16, kalikonse masentimita 6. M'kabokosi kamodzi muli tizidutswa 13: kofiira pakati, ndiye timizere 12 tozungulira. Kasokedwe kameneka amakatcha log cabin, ndipo kofiira ka pakatiko amati ndi moto wa m'nyumba. Werengani nokha, tizidutswa 208, kusiyapo m'mphepete. Kamzere kalikonse kakasokedwa kamatsala mamilimita 8, kuonda kuposa chala changa chaching'ono.

Pa bulangete lalikulu mukaphonya ndi milimita imodzi palibe angaone. Apa mzere umodzi uli ndi misoko yoposa 25. Mukamaphonya milimita imodzi pa msoko uliwonse, pofika kumapeto mwataya pafupifupi masentimita 3, kanthu konse kapendama ngati nyumba yomangidwa ndi woledzera. Koyamba kanga kanatero. Ndinakasula kawiri, kachitatu nsalu inayamba kunyenyeka, pano ndimaikapo ketulo.

Chimene chinandipulumutsa ndi pepala. Ndimajambula kabokosi kaja papepala lopyapyala ndi rula, ndiye ndimasoka nsalu pamwamba pa pepalalo, singano ikutsata mzere wa pensulo. Ndikamaliza ndimang'amba pepala pang'onopang'ono kuseri. Msoko ndimasiya mamilimita 6 posoka, kenako ndimadula kutsale 3, apo ayi kuseri kumatupa, singano osalowa. Ndipo kamzere kalikonse ndikasoka ndiyenera kusita ndisanaike kena. Magetsi akathima ndimakoleza simbi ya makala ija ya amayi, ndikhala pakhonde, makina anga a Butterfly opukusa pamanja apa, simbi apa. Oyandikana nawo amayesa ndazungulira mutu, kusita kansalu kochepa ngati chikhadabo.

Za nsalu, ndisakunamizeni, chitenje chathuchi chili ndi mwano pa ntchito imeneyi. Maluwa ake ndi aakulu ngati chipapa. Mukadula kamzere ka mamilimita 8, duwa lathawa, kwatsala mtundu wokha. Ndiye sindisankha chifukwa cha kukongola kwa maluwa, ndimasankha kuwala ndi kudera, mbali imodzi ya kabokosi yowala, ina yakuda. Ndimatsinzinira pang'ono poyang'ana, pamenepo ndi pamene umaona ngati mitundu ikusiyana. China, zitenje zambiri zotchipa za ku msika wa Kamwala kuno ku Lusaka ndi za pulasitiki, zimaterera pamakina ndipo simbi ikatentha zimakhwinyata. Ndimazula kaulusi n'kuyatsa ndi machesi. Ka thonje kamanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, ka pulasitiki kamasungunuka n'kuuma kabulunga. Ndipo muzichapa kaye, makamaka zofiira, zimasuluka n'kuipitsa zoyera. Tizidutswa tambiri ndimatola kwa atelala a ku City Market, amene amangotisesa madzulo. Chapakati ndimaika kashiti kofewa ka ana kogula pa salaula ku msika wa Soweto, chifukwa chokhuthala chimachititsa kanthuko kuuma ngati chikumba.

Ife zigamba timachita nazo manyazi, timati n'zaumphawi. Koma ku Alabama kuli mudzi wotchedwa Gee's Bend, kumene amayi achikuda ankasoka zofunda ndi mathalauzi akutha a kumunda, chifukwa cha kusowa komweko. Mu 2002 zofunda zawozo zinakaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dziko la America. Zigamba zomwezi, alamu.

Koma chenicheni chimene ndinasokera kakang'ono n'china. Takulitsani chithunzi chija, muyang'ane timizere tobiriwira tija. Simukuchizindikira? Ndi chitenje chija cha agogo, chimene ankaberekera amuna anu ali khanda, pambuyo pake chinkaphimba dengu la ufa. Titapita kukagawa zovala zawo palibe anachifuna, chinali mabowo okhaokha. Ine ndinachipinda n'kuika m'chikwama mwakachetechete. Nditachichapa, malo olimba anatsala ngati zikhato ziwiri basi. Bulangete lalikulu lingatuluke pamenepo? Chikanangomira pakona, osaonekanso. M'kakang'onomu chikupezeka m'kabokosi kalikonse, konse 16. Tofiira ta pakati tija ndi malaya a atate a kutchalitchi, kolala inatha koma kumsana kunali kwabwino.

Ndiye lalikulu ndidzakusokerani, musadandaule, koma mugule nokha zitenje, zinayi za mamita awiri awiri, za thonje. Ndipo ngati kunyumbako kwatsala kalikonse ka agogo, ngakhale duku long'ambika, musakolezere moto. Musadulenso, mungandidulire mokhota. Ikani m'pepala la pulasitiki, mupatse aliyense wokwera basi ya ku Chipata, ndikalandira ku Intercity. Ndikufuna kusokera achemwali a ku Kabwe kawo asanayambe nsanje. Dikirani, madzi a nsima awira. Mupereke moni kwa ana.